Golide wofiira amene amaulula za m'madzi a mumsana

Tsiku lina atandibaya chala poyeza malungo, ndinakhala pabenchi n'kumayang'anitsitsa kamzere kofiirira kakutuluka pa kapulasitiki kaja. Ndinadzadziwa patapita zaka kuti kamzereko ndi golide. Eya, golide weniweni, koma wa tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma nanoparticle, ta nanomita pafupifupi 40. Nanomita imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000,000. Akachepa chonchi golide sakhalanso wachikasu, amafiira, ndipo tinthuto tikaunjikana mtundu umapita ku buluu.

Luso lomweli likugwira ntchito pa madzi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Munthu wamkulu amakhala nawo pafupifupi mamililita 150, oyera mbee ngati a pampopi. Mapuloteni ake ndi ochepa zedi: mamiligalamu 15 mpaka 45 pa mamililita 100 alionse, pomwe m'magazi amafika cha m'ma 7,000. Munthu akadwala matenda oumitsa khosi, mpanda wolekanitsa magazi ndi madziwa umayamba kudontha, mapuloteni n'kuchuluka. Dokotala amatenga madziwo ndi singano kumunsi kwa msana, ndiye kudikira zotsatira kuja n'kowawa, chifukwa mtundu wina wa matendawa umapha m'tsiku limodzi lokha.

Golide alowa pati? Mukathira mchere m'madzi a golide wofiira, tinthu tija timaunjikana. Koma mapuloteni ambiri akatikuta amatiteteza, mtundu n'kukhalabe wofiira. Ndiye poona mtunduwo, ndi maso kapena ndi kamera ya foni, mutha kuyerekeza kuchuluka kwa mapuloteni. Zambiri mwa zipangizo zotere zikadali poyesedwa m'malabu.

Chondiseketsa n'chakuti nzeruyi ndi yakalekale. Mu 1912, Carl Lange wa ku Germany ankasakaniza kale madzi a mumsana ndi golide wotereyu m'timabotolo 10 pofufuza chindoko chofika ku ubongo. Kungoti ntchito yake inkafuna maola ambiri komanso timabotolo totsukidwa mosamala kwambiri.

Chimene chafika kale m'zipatala ndi CrAg LFA, kapepala kamene WHO inakavomereza mu 2011. Sikayeza mapuloteni, kamasaka chikuto cha fangasi yotchedwa Cryptococcus, imene imaumitsa khosi makamaka anthu omwe HIV yawafooketsa. Kadontho kamodzi ka madzi a mumsana, mphindi 10, ndipo sikafuna magetsi kapena firiji. Mizere iwiri ikatuluka, mankhwala angayambike tsiku lomwelo.