Musawotchere nsima mpando wa agogo

Kodi mukudziwa kuti kunja kuno kuli mipando yakale, ina ya zaka zoposa 60, imene anthu amalimbirana pa okushoni mpaka mtengo wake kufika madola masauzande angapo? Ndalama zimenezi tikazisintha zikukwana mamiliyoni a kwacha. Mipandoyi ndi ya matabwa, chikopa kapena chingwe basi, ndipo inapangidwa ku Denmark m'zaka za m'ma 1950.

Mmodzi mwa amisiri ake ndi Hans Wegner, mwana wa wosoka nsapato, amene anabadwa m'chaka cha 1914 m'tauni ya Tønder. Iyeyu anayamba ukalipentala ali mnyamata ndipo pomwalira mu 2007 anali atajambula mitundu ya mipando yoposa 500. Umodzi wa mipando yake, wa mu 1949, ndi umene John F. Kennedy ndi Richard Nixon anakhalira pa mtsutso wawo wa pa kanema mu 1960 polimbirana utsogoleri wa dziko la America. Wina, wotchedwa Wishbone, kampani ya Carl Hansen & Søn yakhala ikuupanga osalekeza kuchokera mu 1950, ndipo pokhalira pake amaluka ndi manja pogwiritsa ntchito chingwe cha pepala chotalika mamita pafupifupi 120.

Mnzake Finn Juhl anapanga mpando wotambasuka wopumirapo mu 1949 umene dzina lake limatanthauza mpando wa mfumu. Arne Jacobsen naye anapanga wooneka ngati dzira mu 1958, wa hotela ina ya mu mzinda wa Copenhagen.

Nanga chimene chimakweza mtengo wa mipando imeneyi n'chiyani? Choyamba ndi mtengo umene anadula, wolimba ndiponso wouma bwino. Chachiwiri ndi kalumikizidwe. Mmisiri amaboola thabwa lina n'kusema linzake kuti lilowe mothina, m'malo mongokhoma misomali. Chachitatu n'chakuti ankayamba ayeza thupi la munthu, kuti msana utsamire pati, mikono igone pati. Chomaliza, mpando wotere umakonzeka. Chingwe chikaduka amalukanso, chikopa chikang'ambika amaika china, thabwa n'kukhala lomwe lija.

Izi zonse si zachilendo kwa ife. Kuno kwa Mavwere, pa makonde ambiri padakali mpando wa ndalema, uja wopinda umene agogo aamuna ankagonekapo msana akachoka ku dimba, wailesi ili pambali. Mwana sankayerekeza kukhalapo. M'nyumba za aphunzitsi opuma ntchito ndi za anthu amene anabwerako ku Joni kapena ku Halale mumapezeka mipando ya mlombwa ndi mbawa imene yalera mibadwo itatu, chiswe chikungoidutsa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mipando yotereyi tikuitaya. Fodya kapena soya akagulidwa bwino, timathamangira sofa wonyezimira amene kunja kwake ndi nsalu yokongola koma mkati muli matabwa aawisi ndi siponji yopyapyala. Mvula ziwiri zokha, wayamba kulira, wachitatu mwendo wagwa. Ena tikugula ya pulasitiki, imene ikakhala padzuwa imauma n'kuthyoka, nthawi zina pa maliro penipeni mlendo atakhalapo. Uku mpando wa agogo tauponya kukhitchini, nkhuku zikuikirapo mazira, mawa lake wasanduka nkhuni.

Tisaiwale kuti thabwa la mpando umenewo lero silipezeka wamba. Mitengo yachilengedwe yatha ndi makala, zigafa ndi kutsegula minda. Mu 2019 mtengo wa mukula unaikidwa pa mndandanda wa mgwirizano wa maiko wa CITES, umene umaika malire pa malonda a zachilengedwe zimene zili pangozi, ndipo mu 2022 mlombwa ndi mbawa nazo zinalowa. Mlombwa umatenga zaka makumimakumi kuti ufike pocheka. Choncho amene akuwotcha mpando wa mlombwa akuwotcha chinthu chimene ana ake sadzachipezanso.

Palinso phunziro la malonda. Mipando yathu yoluka ndi nsungwi, imene timaiona m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, imagulitsidwa m'masitolo a ku South Africa ndi ku Ulaya pa dzina la dziko lathu, ndipo kumeneko mtengo wake umakwera kwambiri. Koma woluka sadziwika. Anzathu a ku Denmark anachenjera. Kuyambira mu 1927 mpaka 1966 bungwe la akalipentala a ku Copenhagen linkachititsa chionetsero chaka ndi chaka, ndipo wojambula ndi mmisiri ankatchulidwa maina. Lero wogula amatembenuza mpando kufuna chidindo cha amene anaupanga. Kodi kalipentala wa pa Waliranji kapena pa Kamwendo angalephere kudinda dzina lake ndi chaka pansi pa mpando? Munthu akadziwa kuti dzina lake lidzakhalapo, sagwira ntchito yachinyengo.

Ife aphunzitsi timaona momwe ophunzira amanyozera ntchito zamanja. Ukafunsa a Fomu 4 za tsogolo lawo, onse akufuna ofesi. Ukatchula ukalipentala amaseka, ati ndi wa olephera mayeso. Chonsecho sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete ili pafupi nafe, ndipo bungwe la TEVETA lilipo kuchokera mu 1999. Masamu a makona ndi miyeso amene timaphunzitsa pa bolodi ndi omwewo amene amaimika mpando kuti usagwedere.

Pempho langa ndi ili. Ngati muli ndi mpando wakale pakhomo, musautaye. Itanani mmisiri aulimbitse ndi guluu, aupale ndi sandipepa, aupake vanishi. Funsani akuluakulu amene anaupanga ndi chaka chake, mulembe pansi pake. Pogula watsopano, utembenuzeni muone malumikiziro, mufunsenso ngati thabwa linauma. Ndipo mvula ikagwa, bzalani mbawa ziwiri kumalire a munda. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Mipando yawo nayonso ndi chimodzimodzi.

Mphunzitsi, Mavwere, Mchinji