Mota Yoyenera Makina Osemera Matabwa: Zoti Amisiri a ku Thyolo Adziwe Asanagule

Kalipentala wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe amatha masiku akusema maluwa pachitseko ndi tchizulo. Makina a CNC amagwira ntchito yomweyo potsatira chithunzi chojambulidwa pakompyuta, ndipo amachibwereza mosasintha. Makina opangiratu ndi okwera mtengo, motero amisiri a m'mayiko ambiri amalumikiza awoawo. Boma la Thyolo silisowa manja otere: mafakitale a tiyi a ku Satemwa, Makandi ndi Naming'omba akhala akudalira amisiri a zitsulo ndi magetsi kwa zaka zambiri, ndipo sukulu ya ukachenjede ya MUST ili ku Ndata kuyambira 2014. Pamene ndalama zimalowa m'madzi kawirikawiri ndi pogula mota.

Makinawa amayendetsedwa ndi mota zotchedwa stepper, zitatu kapena zinayi. Mota yotere imayenda masitepe owerengeka, ndipo zambiri zimaponya masitepe 200 kuti zizungulire kamodzi. Kompyuta imalamula masitepewo, koma siona ngati aponyedwadi. Apa ndiye pagona nkhani. Mpeni ukakumana ndi mfundo yolimba m'thabwa, mota yofooka imaphonya masitepe, koma makina amapitiriza ngati zonse zili bwino. Chilichonse chosemedwa kuyambira pamenepo chimakhala chokhota, ndipo thabwa la mbawa kapena la mlombwa, lomwe masiku ano ndi losowa, limasanduka nkhuni.

Ogulitsa amakonda kutchula nambala ya NEMA ngati kuti ndiyo mphamvu. Nambalayi imangonena kukula kwa nkhope ya mota: NEMA 17 ndi mamilimita 42, NEMA 23 ndi mamilimita 57. Mota ziwiri za NEMA 23 zikhoza kusiyana mphamvu kawiri, malinga ndi kutalika kwa thupi lake. Choyenera kufunsa ndi mphamvu yopotokola, imene imalembedwa mu Nm. NEMA 17 wamba imapereka pafupifupi 0.4 Nm, yokwanira kamakina kolemba mayina pazikwangwani zing'onozing'ono. Makina osema zitseko ndi mitu ya mabedi amafuna NEMA 23 ya pakati pa 1.9 ndi 3 Nm. Mota zochotsa m'maprinta akale n'zabwino pophunzirira, koma bulugamu wouma sizingamuthe.

Kugula mota yaikulu koposa si nzeru ayi. Mphamvu yolembedwa papepala ndi ya mota itaima. Ikayamba kuthamanga mphamvuyo imatsika, ndipo imatsika msanga pa mota imene nambala yake ya inductance ili yokwera. Pa mota ziwiri zofanana mphamvu, yosankha ndi ya nambala yotsika. Chozungulitsidwa nachonso chimalamula. Ndodo ya mazinga ya M8, imene imapezeka m'mahadiweya, imasuntha mamilimita 1.25 okha ikazungulira kamodzi, ndiye kuti masitepe 160 pa milimita imodzi. Imakankha mwamphamvu koma mwachidodo, ndipo mmisiri akafuna liwiro amakakamiza mota kuthamanga pamene ilibe mphamvu.

Pakati pa kompyuta ndi mota pamakhala kachipangizo kotchedwa driver, kamene kamagawira mota magetsi. Ka A4988 n'kotchipa ndipo kamagwirizana ndi Arduino, koma sikapyola 2A, choncho n'ka NEMA 17 basi. Mota ya 3A imafuna DM542, yomwe imafika pa 4.2A, pamodzi ndi chosinthira magetsi a ESCOM kukhala 36V. Zitatuzi ziyenera kugulidwa mogwirizana. Mota yabwino pa driver yochepa imagwira ntchito ngati mota yofooka.

Magetsi akathima ntchito ili mkati, makina amaiwala pamene anali. Timaswitchi toikidwa kumapeto kwa njanji iliyonse timathandiza makinawo kupezanso poyambira, ndipo mtengo wake sufika wa thabwa limodzi. Chinyontho cha chiperoni, chimene tiyi amachikonda, chimachititsa dzimbiri ndodo ndi polumikizira mawaya, kotero bokosi la zamagetsi lizikhala lotseka, kutali ndi utuchi.

Makina akatha kulumikizidwa, mmisiri ayambe wasema bokosi la mamilimita 100 mbali zonse pathabwa lotsika mtengo la paini, alibwereze kakhumi pamalo omwewo, kenako ayeze. Mzere ukakhala umodzi, mota ikukwanitsa. Ukatambasuka, achepetse liwiro ndi kuzama kwa mpeni asanaganize zogula mota ina.