Horsepower ni ya pa pepala, pa ma robots pamalamula torque na giya

Anyamata a mu Lusaka akazungulira motoka yothamanga, kaya ni Altezza kaya ni Subaru, funso loyamba limakhala limodzi cabe: ili na horsepower zingati? Koma ine ndikaona mmene timayendetsela mu tauni muno, kucoka pa robot kufika pa hampu, ndimaona kuti ambili akulipila ndalama zambili pa nambala imene sadzaigwilitsa nchito.

Cimene cimakukankhilani pa mpando motoka ikanyamuka ni torque, mphamvu yopotokola imene injini imapeleka, ndipo imapimidwa mu Nm. Ganizilani za sipana: ikakhala yaitali, nati yolimba imamasuka mosavuta. Horsepower imapezeka mukaculukitsa torque na liwilo limene injini ikuzungulila, ija timati rpm. Conco injini yaing'ono ingakhale na horsepower zambili cifukwa cakuti imazungulila mothamanga maningi, koma pa rpm yotsika imakhala yofooka.

Tengani Toyota Altezza RS200, imene inatuluka ku Japan mu 1998. Ya manual ili na injini ya malita 2 yopeleka horsepower 210, koma zonsezo zimabwela pa 7,600 rpm. Torque yake yaikulu, 216 Nm, imafika pa 6,400 rpm. Manje ndiuzeni, mu jam ya pa Great East Road madzulo, ndani amafikitsa singano pa 6,000? Mnzake AS200 ali na horsepower 160 cabe, koma 200 Nm yake imafika pa 4,400 rpm. Ndiye cifukwa cake mu tauni kusiyana kwa awiliwa sikukhala kwakukulu monga mmene pepala likambila.

Apa m'pamene giya imalowela. Nchito ya gearbox ni kuculukitsa torque isanafike ku mawilo, monga mmene giya yopepuka ya njinga imakuthandizilani pokwela citunda. Tiyelekeze injini ya 200 Nm, giya 1 yoculukitsa ka 3.5, na diff yoculukitsanso ka 4. Ku mawilo kumafika pafupifupi 2,800 Nm. Mukalowa mu giya yothela, tinene ya 0.8, kumatsala 640 Nm cabe. Injini ni imodzimodzi, koma mu giya 1 motoka imadumpha, mu giya yothela imayenda mtunda wautali na mafuta ocepa. Mukafuna kupitilila thilaki pa msewu wa ku Kafue muli mu giya yapamwamba, kuponda mafuta cabe sikuthandiza. Tsitsani giya kuti injini ifike pamene ili na mphamvu, apo ayi mudzakhalitsa ku mbali ya magalimoto obwela.

Opanga mamotoka amasankha magiya molingana na injini. RS200 anaipatsa magiya 6 oyandikana kuti posintha, rpm isagwe kwambili. Subaru Impreza WRX STI, na turbo yake, imapitilila 350 Nm capakati pa rpm, ndipo mphamvuyo imagawidwa ku mawilo onse anayi. Ndiye cifukwa cake imanyamuka osapalasa matayala, ndiponso idachuka mu mipikisano ya rally.

Pali cina cimene ogulitsa sakamba. Lusaka ili pa mtunda wa mamita opitilila 1,200 kucoka pa nyanja yaikulu, ndipo mpweya kuno ni wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pelesenti pa mamita 300 alionse, kutanthauza kuti yoposa 10 pelesenti imasowa motoka ikangofika kuno. Turbo imakankhila mpweya mu injini, conco imataya pang'ono.

Ndiye pali ma rim. Ambili akangogula motoka amathamangila kuika mawilo aakulu kuti ioneke bwino. Ngati tayala lonse lakula kuposa limene inabwela nalo, mwatalikitsa giya iliyonse. Motoka imanyamuka mwaulesi, clutch imavutika, ndipo speedometer imaonetsa liwilo locepa kuposa limene mukuthamanga. Apolisi a pa msewu sadzamvela nkhani ya ma rim.

Conco musanatulutse ndalama, funsani zinthu zitatu: torque ni zingati, imafika pa rpm iti, ndipo magiya ake ni otani. Poyesa motoka, osangoiliza injini ili ciimile. Iyendetseni pang'onopang'ono mu giya 3, pondani mafuta, mumve ngati ikuyankha.

Ndipo amene akufuna kumva horsepower zonse 210, apite ku bwalo la mipikisano. Pa Cairo Road pali ana a sukulu na amayi onyamula katundu wa ku msika, ndipo mabuleki saculukitsidwa na giya iliyonse.