Jet Li akamayankhula Chichewa pa Chezi

Dziko la Malawi lili ndi mafilimu omwe adapata mphoto kunja, koma anthu ambiri a m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi sadawaonepo ndi kamodzi komwe. Anthu omwewo akhoza kukufotokozerani za Rambo, Jet Li, Jackie Chan ndi Chuck Norris ngati akunena za ana a kwa amalume awo. Tikamacheza pasukulu pano timakonda kunena kuti Amalawi timangotengeka ndi zakunja, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma tikatsata bwino momwe filimu imayendera kuti ifike pamalo ngati pa Chezi, n'kuyerekeza ndi zomwe zidachitika ku Japan, tipeza kuti woonera salakwa. Amaonera zomwe zamufikira pamtengo womwe angakwanitse, m'chiyankhulo chomwe amamva.

Momwe filimu imafikira pa Chezi

Chezi ndi malo amalonda m'boma la Dowa, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima. Anthu amatsika m'mapiri ozungulira kudzagulitsa mbewu ndi kudzagula zofunika pakhomo. Nyumba yaikulu yoonetsera kanema palibe, monganso m'malo ambiri amalonda m'dziko muno. Chomwe timadziwa tonse ndi vidiyo sho: chipinda chamdima, mabenchi, TV kutsogolo, ndi chimkuzamawu panja choitanira anthu odutsa. Magetsi akavuta, jenereta kapena sola imagwira ntchito. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zowunikira ndi magetsi a ESCOM zidali pafupifupi imodzi mwa nyumba khumi zilizonse m'dziko lonse, ndipo kumudzi zidali zochepa kuposa apo. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri vidiyo sho ndiyo yakhala kanema wa anthu akumudzi.

Masiku ano njira ina ndi foni. Mnyamata amapita kwa obena nyimbo ndi memore khadi, n'kulipira kandalama kochepa, n'kubwerera kwawo ndi mafilimu oti aonere sabata yonse pamodzi ndi anzake.

Taganizani ngati mwini vidiyo sho. Kuti anthu abwerenso mawa, akufunika filimu ina. Mafilimu a ku America, China, India ndi Nigeria alipo osawerengeka m'kompyuta ya wobena, ndipo eni ake salandirapo kanthu. Filimu yachimalawi ndi yosiyana. Zimatuluka zochepa pachaka. Woipanga amakhala atathira ndalama za m'thumba mwake, ndiye amayamba waionetsa m'mahotela ndi m'maholo a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, pa tikiti yomwe mlimi wa ku Mvera sangaiganizire n'komwe. Amaopanso kuitulutsa msanga, podziwa kuti ikangolowa m'kompyuta imodzi, mawa ili ponseponse iye osapeza ngakhale tambala. Mapeto ake filimu yakunja imafika pa Chezi pasanathe nthawi, pomwe yathu imatha zaka ili m'tauni.

Chomwe omasulira adatulukira

Pali chinthu chimodzi chomwe chidakuza msika wa mafilimu akunja m'midzi yathu: kumasulira m'Chichewa. Womasulira mmodzi amayankhulira anthu onse a m'filimu, amuna ndi akazi omwe. Samatsata mawu ndendende. Amathiramo nthabwala, amapatsa anthu mayina akwathu, mzinda wa ku China n'kuusandutsa Ndirande kapena Kawale. Anthu amaseka, amakuwa, ndipo ena amasankha filimu potengera yemwe wamasulira.

Apa pali phunziro lomwe sitiyenera kulilumpha. Ngati anthu akadangofuna zibakera ndi magalimoto ophulika, sipakadafunika womasulira. Amalipira kuti amve nkhaniyo m'Chichewa chapamsika, chomwe amayankhula tsiku ndi tsiku. Filimu imakhala yakunja m'maso, koma m'khutu ndi yakwathu. Pamene izi zili choncho, ena mwa mafilimu athu odziwika ali ndi Chingerezi chambiri, chifukwa eni ake amayang'ananso zikondwerero za mafilimu zakunja. Choncho zimatheka kuti gogo wa ku Ntchisi amve bwino filimu ya Jet Li kuposa filimu yojambulidwa ku Blantyre.

Luso lilipo, ndipo umboni wake ndi wosabisika. Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, momwe Tapiwa Gwaza adapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010. Adapanganso The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, yomwe idakhala filimu yoyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe idapambana mphoto ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 monga filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa. Fatsani ya Gift Sukez Sukali nayonso idatumizidwa ku Oscar. Tadzifunsani: mwa mafilimu amenewa, ndi angati omwe mudawaona atalembedwa pachikwangwani cha vidiyo sho yakwanu?

Zomwe zidachitika ku Japan

Dziko la Japan lidadutsanso m'nyengo yomwe mafilimu akunja adalanda msika. Mu 2002, pa ndalama 100 zilizonse zomwe anthu adalipira m'nyumba zakanema, mafilimu achijapani adangopeza pafupifupi 27. Zotsalazo zidapita kwa mafilimu akunja, makamaka a ku Hollywood, monga a Harry Potter. Koma mu 2006 mafilimu achijapani adadutsa theka la msika, koyamba patatha zaka pafupifupi 20. Pofika 2024 adali kutenga pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalama zonse.

Zizindikiro zidayamba kuoneka kale. Titanic idakokera anthu ambiri ku Japan kuyambira 1997, koma mu 2001 Spirited Away ya Hayao Miyazaki, filimu yazojambula pamanja, idaiposa. Mbiri imeneyo idakhala mpaka 2020 pomwe Demon Slayer: Mugen Train idaiposa mkati mwa mliri wa Covid-19, n'kudzapeza pambuyo pake ndalama zopitirira mabiliyoni 40 a yen. Sikuti Ajapani adasiya kuonera zakunja. Frozen mu 2014 ndi Top Gun: Maverick mu 2022 zidachita bwino kwambiri. Kungoti filimu yakunja ikafika kumeneko imapeza zapakhomo zitakhala kale pamipando yakutsogolo.

Boma la Japan silidaletse mafilimu akunja kuti izi zitheke. Dziko la South Korea lili ndi lamulo lokakamiza nyumba zakanema kuonetsa mafilimu akwawo masiku angapo pachaka, koma Japan lilibe lamulo lotero. Nanga chidathandiza n'chiyani?

Choyamba, nkhani zake anthu amakhala akuzidziwa kale. Demon Slayer idayamba mu 2016 ngati nthano yazithunzi m'magazini ya Weekly Shonen Jump, mu 2019 n'kupita pa TV, kenako n'kukhala filimu. Tsiku lomwe idatuluka, oonera adali okonzeka kalekale. Chachiwiri, mafilimuwo amabwera mosadukiza. Doraemon amatulutsa filimu pafupifupi chaka chilichonse kuyambira 1980, Detective Conan kuyambira 1997, moti mabanja amadziwa mwezi woti akaonere monga momwe ife timadziwira mwezi wotsegulira msika wa fodya. Chachitatu, opanga filimu sayenda okha. Nyumba za TV, osindikiza mabuku ndi makampani ofalitsa mafilimu amasonkherana ndalama n'kugawana phindu. Nyumba ya TV ikathira ndalama m'filimu imailengeza usana ndi usiku. Kampani ya Toho imapanga mafilimu, imawafalitsa, ndiponso ili ndi nyumba zake zoonetsera. Filimu ikapangidwa, njira yofikira kwa woonera imakhala yolambulidwa kale.

Pali mbiri ina ya ku Japan yomwe ingatidabwitse. M'nthawi ya mafilimu opanda mawu, mpaka zaka za m'ma 1930, m'nyumba zakanema mudali anthu otchedwa benshi. Ankaima pambali pa chinsalu, kufotokoza nkhani, kuyankhulira anthu a m'filimu ndi kumasulira mafilimu akunja. Ena adatchuka moti anthu ankalipira kuti akamve iwowo. Ntchito yawo sikusiyana kwenikweni ndi ya omasulira athu. Mkulu wake wa Akira Kurosawa, dzina lake Heigo, adali benshi, ndipo kudzera mwa iye Akira adaonera mafilimu ambiri akunja ali mnyamata. Atakula adapanga Rashomon ndi Seven Samurai, mafilimu omwe a ku America adadzawatengera nzeru. Kuonera zakunja sikudamuphe luso, chifukwa m'dziko lake mudali makampani omwe adamulemba ntchito n'kumuphunzitsa kupanga zake.

Tisadzinamize kuti Japan ndi Malawi n'chimodzimodzi. Japan ali ndi anthu opitirira 120 miliyoni, ambiri okhala m'mizinda, ndi zipinda zoonetsera kanema zopitirira 3,000. Ife mu 2018 tidalipo 17.5 miliyoni, ambiri alimi akumudzi, ndipo TV yathu yoyamba idatsegulidwa mu 1999. Ndalama zawo sitingazitengere. Chomwe tingatengere ndi dongosolo: nkhani yodziwika, yobwera kawirikawiri, yokhala ndi njira yofikira kwa anthu.

Umboni uli pakhomo pomwe

Pomwe zinthu zitatuzi zidakumana m'dziko muno, Amalawi sadanyoze zakwawo. Sewero la Pamajiga pa wailesi ya MBC lidakhazika mabanja pansi kwa zaka zambiri. Izeki ndi Jakobo, omwe adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankadzaza maholo. Tikuferanji, sewero lomwe bungwe lathu la ADRA lidayendetsa pa wailesi ndi pa TV, lidapangitsa dzina la Manganya kudziwika mpaka kumudzi kwenikweni, zaka zambiri Michael Usi asadakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Masewero onsewa adali m'Chichewa, ankabwera sabata ndi sabata, ndipo ankafika kwa anthu popanda tikiti yodula.

Ku Nigeria nakonso zidayamba chonchi. Living in Bondage ya 1992 idajambulidwa m'chiyankhulo cha Igbo n'kugulitsidwa pa matepi a vidiyo m'misika. Amalonda a m'misikayo ndiwo adayamba kuthira ndalama m'mafilimu, ndipo patapita zaka zochepa mafilimu a ku Nigeria adadzaza mavidiyo sho athu.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba yemwe adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo atasiya sukulu m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Idajambulidwa ku Wimbe m'boma la Kasungu, loyandikana ndi Dowa ndi Ntchisi, ndipo muli Chichewa chambiri. Koma adaipanga ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwe adasewera William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo idatuluka pa Netflix mu 2019. Dziko lonse lidaonera, Amalawi ambiri n'kumadandaula za katchulidwe ka Chichewa chake. Nkhani idali yathu, koma ndalama ndi njira yofalitsira zidali za ena.

Zikutikhudza bwanji?

Mwana yemwe amakhala pabenchi la vidiyo sho akuphunzira, kaya tifune kaya tisafune. Akuphunzira momwe mwamuna amathetsera mkangano, momwe chuma chimapezekera, ndi mtundu wa munthu woyenera kutamandidwa. Pakhomo la vidiyo sho kawirikawiri safunsa zaka, ndipo ena amalowamo nthawi ya sukulu. Kungodzudzula sikudatsekepo vidiyo sho ngakhale imodzi. Komanso si filimu yakunja iliyonse yomwe ili yoipa. Ambiri a ife tidakhudzidwa ndi Hacksaw Ridge ya 2016, nkhani ya Desmond Doss, Mdiventi yemwe adakana kugwira mfuti koma adapulumutsa anzake ambiri pankhondo ya ku Okinawa, ku Japan komweko, mu 1945. Tidaikonda chifukwa tidadziona m'menemo. Mwana wa pa Chezi nayenso akufuna kudziona.

Nkhani zoti zijambulidwe zilipo zambiri m'mapiri amenewa: mlimi wafodya yemwe ndalama zake zathera kubweza ngongole ya zipangizo, mtsikana wosankhidwa kupita kusekondale yemwe makolo ake akuganiza za ukwati, banja la ku Dzaleka lomwe ana ake adabadwira mumsasa womwe udatsegulidwa mu 1994, anthu a m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi omwe akukangana pa za makala.

Ife ophunzira tili ndi mafoni ojambula, makalabu a zisudzo ndi tchuthi chomwe timakathera m'midzi yomweyi. Sewero lalifupi la m'Chichewa, lotuluka mwezi ndi mwezi n'kuperekedwa kwa obena ndi eni mavidiyo sho, likhoza kufika kutali kuposa filimu imodzi yaikulu yoonetsedwa usiku umodzi kuhotela. Omwe akuphunzira zamalonda aganizire momwe wopanga filimu angagwirizanirane ndi obena, kuti aliyense wolandira filimuyo pa memore khadi asiyepo kangachepe kopita kwa mwini wake. Lamulo loteteza eni luso la 2016 lilipo, bungwe la COSOMA liliponso, koma lamulo lokha silingafike pamsika uliwonse ngati ogula sitikufuna kulipira. Maholo a sukulu ndi a mipingo, omwe amakhala otseka masiku ambiri m'sabata, akhoza kuonetsa mafilimu achimalawi oyenera mabanja mogwirizana ndi eni ake, pamtengo womwe anthu akumudzi angathe.

Omasulira nawonso tisawaone ngati adani. Amadziwa chomwe chimaseketsa anthu, chomwe chimawaliritsa, ndi Chichewa chomwe chimagwira mtima. Wopanga filimu wanzeru angawaitane kuti athandize kulemba zoyankhula za m'filimu yake, n'kuwalipira. Ndipo ife tikamapita kutchuthi, tisanadzaze memore khadi ndi zakunja zokhazokha, tifunse wobena ngati ali ndi filimu yachimalawi. Wamalonda amasunga katundu yemwe anthu akumufunsa.