Kulera Kachiwiri: Agogo ndi Zidzukulu ku Nkhulambe

Pa tsiku la sikelo ku Nkhulambe si amayi okhaokha amene amakhala pa mzere. Pakati pao pamapezeka agogo a imvi, azakhali, ngakhalenso atsikana osakhwima atabereka ang'ono awo kumbuyo. Makolo a ana ena adamwalira. Ena adapita kukafuna ntchito ku Blantyre, ku Mozambique kapena ku Joni, ndipo mtsikana amene wachira akadali pa sukulu amasiyira mayi wake khandalo kuti iye abwerere m'kalasi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adaonjezera chiwerengerochi. Madzi, miyala ndi mchenga zochokera m'phiri zidakwirira nyumba ndi minda, zidadula misewu, ndipo zidaononga ngakhale chipatala chaching'ono cha Nkhulambe. M'dziko lonse anthu oposa 600 adafa, ndipo ena oposa 500 sadapezeke.

Popeza anthu ambiri a dera lino amatsata chikamwini, mwana ndi wa kuchikazi. Motero mayi akachoka, mwana amagwera m'manja mwa agogo ake akuchikazi. Chikondi agogowo ali nacho, ndipo kulera adakudziwa kale. Chovuta nchakuti malangizo ambiri a kasamalidwe ka ana adasintha kuchokera pa nthawi imene iwo ankalera ana awo, ndipo kawirikawiri palibe amene amakhala nawo pansi kuti awauze zimene zidasinthazo. Maphunziro a pa sikelo amaperekedwa ngati kuti womvera aliyense ndi mayi woyamwitsa.

Zimene Zidasintha

Malungo ndiwo chitsanzo chomveka msanga. Agogo ambiri adalera ana awo ndi mankhwala a chloroquine ogula pa golosale. Mankhwalawa adasiyidwa mu 1993 chifukwa tizilombo ta malungo tidawazolowera, ndipo m'malo mwake mudalowa Fansidar, amenenso adasiyira malo LA mu 2007. Masiku ano mwana wotentha thupi amayamba wayezedwa magazi a pa chala, chifukwa si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Akapezeka nawo, amamwa LA kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mwana amaoneka bwino pa tsiku lachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwa posunga mapiritsi otsala kuti adzathandize m'bale wake akadzadwala. Kutero nkudwalitsa ana onse awiri.

Za kutsegula m'mimba nazo nzofunika kuzimvetsa. Liwombo la khanda likalowa m'kati, akuluakulu ambiri amathamangira kupakapo mankhwala a zitsamba. Koma liwombolo lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo chopaka pamutu sichingabwezere madziwo. Chofunika ndi Thanzi: paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, kapena othira kolorini, mwana azimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Pamodzi ndi Thanzi amalandiranso mapiritsi a zinki a masiku 10, amene ayenera kutha ngakhale kutsegulako kutaleka. Asamanidwe chakudya. Khanda losakwana miyezi 6 silifuna phala, tiyi kapena madzi, koma bere lokha. Ngati mayi wake wamwalira, lipite nalo ku chipatala mwamsanga kuti akalangize za mkaka woyenera, ndipo wachibale asaliyamwitse asanayezetse magazi ake.

Akatemera adachulukanso. Wa chibayo adayamba mu 2011, wa kutsegula m'mimba mu 2012. Wa chikuku amaperekedwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, osati kamodzi monga kale. Phalombe ndi limodzi mwa maboma 11 amene adayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, ndipo mwana amabayidwa kanayi, komaliza ali pafupi kukwanitsa zaka ziwiri. Jakisoni womalizayu ndiye amaphonyeka kwambiri, pakuti mwana akayamba kuthamanga anthu amayesa za sikelo zatha. Sikelo imatha mwana akakwana zaka 5.

Kabuku ka Mwana

Zonsezi zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Mwana wopita kwa agogo opanda kabuku kake amafika ngati mlendo wosadziwika kochokera. Palibe wodziwa katemera amene adalandira, kulemera kwake kwa mwezi watha, kapena ngati mayi wake ankamwa mankhwala otalikitsa moyo. Chomalizachi nchachikulu. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV ayenera kuyezedwa ali ndi milungu 6, kenaka pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Amene ali kale pa mankhwala sayenera kudumphitsa tsiku. Mabanja ena amabisira agogo nkhaniyi poopa manyazi, nangowapatsa botolo nkuti ndi mankhwala a chifuwa. Agogo oterowo amaleka kumwetsa mwana chifuwa chikatha, ndipo mlandu si wao.

Timabuku tambiri tidapita ndi madzi a Freddy. Kutayika kwa kabuku si chifukwa chokhalira kunyumba moopa kukalipiridwa. Mlangizi wa zaumoyo amayang'ana m'kaundula wake, amafunsa mafunso, ndipo amapitiriza katemera pamene padalekezedwa. Katsopanoko kakulungidwe m'jumbo ndi kusungidwa pamwamba.

Kumene Angaphunzire

Pali anthu amene amati zonse zili pa intaneti tsopano. Kwa gogo wa ku Nkhulambe amene sadziwa kuwerenga, ndipo foni yake ndi ya mabatani imene amakatchajitsa pa msika, mau amenewa ndi opanda phindu. Ndiponso mauthenga ambiri a mankhwala amene amazungulira pa WhatsApp, otumizidwa ndi mwana ali ku Joni mwa chikondi, alibe dokotala wowavomereza.

Komabe foni ya mabataniyo ingathe kuphunzitsa. Chipatala cha pa Foni chidayamba m'boma la Balaka mu 2011, chidafalikira m'dziko lonse, ndipo chidaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba mwaulere nalankhula m'Chichewa ndi wogwira ntchito za chipatala, amene amamufunsa zizindikiro ndi kumuuza ngati nkofunika kunyamuka. Nambala yake ifunsidwe kwa mlangizi wa zaumoyo ndipo ilembedwe pa chikuto cha kabuku. Nambala ya 116 ndi yaulerenso, ndipo ndi yokanenera nkhanza zochitikira ana ndi maukwati a ana osakwana zaka 18. Koma foni siyeza magazi ndipo sibaya jakisoni. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kumwa, akupuma mobanika kapena watupa mapazi onse awiri, anyamulidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pafupi kuposa foni pali chipatala cha m'mudzi cha mlangizi, chimene chimathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka 5. Palinso magulu a amayi ophunzitsana za magulu 6 a zakudya. Agogo ambiri salowa m'magulu amenewa poganiza kuti ndi a atsikana, chonsecho ndiwo agwira mthiko. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena ufa wa matemba a ku Chilwa, kapena nandolo wopota, pamodzi ndi masamba ndi kadontho ka mafuta, limakuza mwana popanda kugula za m'sitolo. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse amapambana ndi wa dzanja lalikulu.

Pa za ndalama, Mtukula Pakhomo, amene adayamba ku Mchinji mu 2006, adakhazikitsidwira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zogwira ntchito, ndipo khomo la nkhalamba yolera ana ndi limodzi mwa otero. Si onse ofunika amene amalembedwa. Amene watsala akadziwitse amfumu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Sukulu za mkombaphala nazo zimapumitsa agogo m'mawa kuti akalime.

Maliro akatha, abale amakhala pansi kugawa katundu ndi kuona kumene ana apite. Pa bwalo limeneli ndi pamene mwini mbumba ayenera kufunsa kumene kuli kabuku ka mwana aliyense, mankhwala amene akumwa, ndi tsiku limene akuyembekezeka ku chipatala. Asankhidwenso munthu wachiwiri wodziwa kuwerenga, woti aziwerengera agogo muyeso wa mankhwala ndi kubereka mwana pa tsiku limene miyendo yao yakana. Ndipo agogowo akafika pa sikelo, apemphe kuti nawonso ayezedwe kuthamanga kwa magazi asanabwerere kunyumba.