Firewall ya rauta siigwira vayirasi yobwera pa fulashi

Mabanja ambiri a mumpingo mwathu tsopano ali ndi rauta kapena ka MiFi pakhomo. Ena amaganiza kuti popeza rauta ili ndi firewall, antivayirasi ndi yosafunika. Koma ziwirizi zimagwira ntchito zosiyana.

Firewall ili ngati mlonda wa pachipata. Chinthu chikamabwera kuchokera pa intaneti, imaona ngati foni kapena kompyuta ya m'nyumbamo ndi yomwe inachiitanitsa. Chobwera chosaitanidwa imachibweza. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoipa ya WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150 podzera pa khomo la Windows lotchedwa port 445, mpaka zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Firewall ya rauta ikayatsidwa, khomo lotere silionekera kunja.

Kuti muone mmene rauta yanu ilili, lembani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pamalo olembapo adiresi ya pa intaneti. Ma MiFi ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito 192.168.8.1. Nambala yeniyeni imakhala pa kapepala komatidwa pa rautayo. Mukalowa, yambani ndi kusintha pasiwedi yomwe inabwera nayo, yomwe nthawi zambiri imangokhala "admin". Mu 2016, pulogalamu ya Mirai inalanda marauta ndi makamera ambirimbiri pongoyesa mapasiwedi a kufakitale otere. Kenako onetsetsani kuti firewall ndi yoyatsa, sankhani WPA2 kapena WPA3 pa Wi-Fi, ndipo muzimitse WPS ndi Remote Management.

Vuto ndi loti mlondayu sasecha katundu amene mwini nyumba walowa naye yekha. Fayilo yomwe mwatsegula pa WhatsApp kapena pa imelo, ngakhalenso pulogalamu yobedwa yomwe mwakopera, zimadutsa chifukwa mwaziitana nokha. Fulashi yochokera kosindikizira ma asayimenti ndiye siidutsa n'komwe pa rauta. Ambirife tinaonapo mafoda athu atabisika, n'kutsala timashotikati tokhatokha.

Apa ndi pamene antivayirasi imagwira ntchito, chifukwa imafufuza mafayilo m'kompyuta mwenimwenimo. Simufunika kugula: Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi Microsoft Defender yaulere, ndipo mafoni a Android okhala ndi Play Store ali ndi Play Protect. Chofunika ndi kuzilola kulandira ma update ngakhale bandulo ikuwawa, popeza antivayirasi yakale siizindikira mavayirasi atsopano. Musaike ma antivayirasi awiri nthawi imodzi, amalimbana ndipo kompyuta imayamba kuchedwa.

Laputopu ya ku tchalitchi imalandira mafulashi a kwaya, a achinyamata ndi a Sukulu ya Sabata, ndipo mwina ndi momwemo msungichuma amasungamo malekodi a chakhumi ndi zopereka. Fufuzani fulashi iliyonse musanaitsegule, ndipo malekodi otere muziwakoperanso pa hadi disiki ina yosungidwa padera.