Nyongolotsi Zosandutsa Makoko Kukhala Manyowa

Makoko a nthochi, zosenda za mbatata, masamba a mpiru ofota ndi matimati ophwanyika, pamakomo ambiri zonsezi zimathera kudzala kumene zimanunkha n'kuitana ntchentche. Komatu alipo alimi a ndiwo zamasamba amene zinyalala zomwezi sazitaya, chifukwa ali ndi ziweto zozidya. Ziweto zake ndi nyongolotsi.

Si nyongolotsi iliyonse ayi. Zambiri zokumbidwa m'munda zinazolowera kuboola nthaka n'kukhala pansi, ndipo m'bokosi sizikhalitsa. Zofunika ndi zija zokhala pamwamba, m'zinyalala zowola. Yodziwika kwambiri ndi yofiira yaing'ono yotchedwa Eisenia fetida, imene kwawo ndi ku Ulaya. Ina ndi Eudrilus eugeniae ya kumadzulo kwa Africa, yokulirapo, yopirira kutentha koma yosayanjana ndi chisanu.

Wokayika za phindu la manyowa a nyongolotsi afunse anthu a ku Cuba. Soviet Union itagwa mu 1991, dziko la Cuba linasowa feteleza amene linkalandira kuchokera kumeneko. Anthu a mumzinda wa Havana anatsegula madimba pamalo ongokhala, ndipo manyowa a nyongolotsi anali m'gulu la zinthu zimene zinadyetsa ndiwo zawo. Kuno kwathu, kumene thumba la feteleza lasanduka nkhani yodandaulitsa chaka ndi chaka, phunziro limeneli si lonyozera.

Khola la nyongolotsi ndi losavuta: ndowa yakale yapulasitiki kapena bokosi lamatabwa, loboola pansi ndi m'mbali kuti madzi azidontha, mpweya uzilowa. M'kati mumayalidwa makatoni ong'ambang'amba, masamba ouma ndi ndowe zakale za ng'ombe zomwe zinasiya kutentha. Pamwamba pamavundikiridwa chiguduli chonyowa, popeza nyongolotsi zimadana ndi kuwala.

Pamene pagona nkhani ndi pa chinyezi. Nyongolotsi ilibe mapapu, imapumira pakhungu, choncho pakauma imafa, pakadzaza madzi imabanika. Alimi amayesa ndi dzanja: akatapa zoyalazo n'kufinya, pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Kutentha nakonso ndi mdani. Nyongolotsi zofiira zimasangalala pakati pa madigiri 15 ndi 25, ndiye ndowa yoiwalidwa padzuwa la Okutobala ingathe kupha zonse tsiku limodzi. Malo ake ndi pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango. Ndipo linthumbu likalowa silisiya kanthu, n'chifukwa chake ena amakweza bokosi pathandala, miyendo yake n'kuiviika m'zitini zamadzi. Nkhuku nazo zisapeze mpata.

Ambiri amalakwitsa podyetsa. Amathira chakudya chochuluka poganiza kuti akuzikomera mtima, chotsalacho chimasasa, bokosi limanunkha, nyongolotsi n'kuyamba kukwera m'mbali kuthawa. Zinthu zikakhala bwino nyongolotsi imatha kudya pafupifupi theka la kulemera kwake patsiku, kotero ndi bwino kuyamba pang'ono, kuduladula makokowo, kuwakwirira pakona imodzi, n'kudikira athe. Masamba a tiyi ndi zigoba za mazira zosinja zilibe vuto. Nyama, mafupa, mafuta ndi ndiwo zamchere zisalowemo, zimaitana makoswe. Anyezi, tsabola ndi makoko a mandimu zichepe kwambiri.

Pakatha miyezi itatu kapena inayi, zoyala zija zimakhala zitasanduka timibulu takuda, tofewa, tonunkhira dothi la mvula yoyamba. Pokolola, mlimi amakankhira manyowawo mbali imodzi n'kuika chakudya chatsopano mbali inayo. Pakadutsa masabata angapo nyongolotsi zimasamukira kuchakudya, iye n'kutapa mwaufulu. M'manyowamo mumapezeka timazira tachikasu tonga njere za mapira. Timeneti tibwezedwe m'bokosi, chifukwa kalikonse kamaswa ana awiri kapena atatu.

Bokosi limodzi silingadyetse ekala ya chimanga, ndipo wonena kuti lingatero akunama. Koma pa nazale ndi pamabedi a repu, tchayinizi ndi matimati kuseri kwa nyumba limakwanira. Chodzaza dzanja chimodzi paphando pookera mbande n'chokwana, ndipo sichiwotcha mizu ngati zitosi zaziwisi za nkhuku.